Enzo Ferrari, Mwini Kavalo wa ku Maranello

Tikusimbirani mbiri ya Enzo Ferrari wa ku Italy, munthu amene dzina lace limamveka kulikonse kumene anthu akamba za mipikisano ya liwiro la galimoto. Mkuluyu anakhala ndi moyo zaka 90, ndipo kwa zaka pafupifupi 60 anatsogolera gulu la mipikisano limene analiyambitsa iye mwini. Gululo linatenga zikho zambiri, linataya acinyamata ambiri m'ngozi, ndiponso linasintha akapitao ndi amisiri kawirikawiri. Monga mphika ukhazikika pa mafuwa atatu, gulu lotere limaima pa galimoto, pa matayala ndi pa anthu. Tikaona bwino mbiri ya Ferrari tipeza kuti zaka zace zamwai zinali zija pamene zitatuzi zinagwirizana, ndipo fuwa limodzi likasendera, mphika unali kugwa.

Ubwana ndi nkhondo

Enzo anabadwira m'tauni ya Modena, kumpoto kwa Italy, m'mwezi wa Febuluwale 1898. Atate wace, Alfredo, anali ndi nyumba yosulira zitsulo. M'caka ca 1908 iwo anatenga ana ao awiri kupita nao ku Bologna kukaona mpikisano wa galimoto, ndipo kuyambira tsikulo mtima wa mnyamatayu unacoka ku sukulu.

Caka ca 1916 cinali ca maliro, pakuti atate wace ndi mkulu wace anamwalira motsatana, nchito ya pakhomo ija n'kugwa. Enzo anaitanidwa ku usilikali pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, kumene anapatsidwa nchito yokhomera zitsulo ku ziboda za nyulu zonyamula mizinga. Atadwala kwambiri mu 1918 anamulola kubwerera kwao. Nkhondo itatha anapita ku Turin kukafuna nchito ku kampani ya Fiat, koma anamukana.

Nchito anaipeza ku kampani yaing'ono ya CMN ku Milan, yoyesa galimoto zatsopano, ndipo mu 1919 analowa mpikisano wace woyamba. Mu 1920 anasamukira ku Alfa Romeo, nakhala waciwiri pa mpikisano wa m'mapiri a Sicily wochedwa Targa Florio. Mu 1923 anapambana ku Ravenna, kumene anadziwana ndi makolo a Francesco Baracca, woyendetsa ndege za nkhondo amene anaphedwa mu 1918. Pa ndege ya Baracca panali cithunzi ca kavalo wakuda atatukula miyendo yakutsogolo, ndipo amai wace analola Enzo kutenga cizindikiroco. Iye anacika pa mtundu wacikasu, umene uli mtundu wa tauni ya Modena.

Khola la akavalo

Pa ciongolero Enzo anali wokhoza, koma panali ena omuposa. Mphatso yace yeniyeni inali yodziwa anthu ndi kuwakopa. Mu 1923 ndiye ananyengerera mmisiri wa injini Vittorio Jano kuti asiye Fiat ndi kulowa Alfa Romeo. Mu 1929 anayambitsa gulu lace ku Modena nalicha Scuderia Ferrari, kutanthauza khola la akavalo a Ferrari. Galimoto zinali za Alfa Romeo, thandizo linacokera ku makampani onga Pirelli wa matayala ndi Shell wa mafuta, ndipo nchito ya Enzo inali yosonkhanitsa zonsezi pamodzi. Mwana wace Dino atabadwa mu 1932, iye anali atasiyiratu kuyendetsa pa mipikisano.

M'zaka zimenezo galimoto za ku Germany, za Mercedes ndi Auto Union, zinali ndi ndalama za boma la Hitler kumbuyo kwace ndipo zinali kupambana pafupifupi paliponse. Koma mu 1935, pa bwalo la Nürburgring ku Germany komweko, Tazio Nuvolari wa gulu la Ferrari anathamangitsa Manfred von Brauchitsch ndi Alfa Romeo yakale yocepa mphamvu. Mjeremaniyo anali patsogolo, koma anali atadya matayala ace, ndipo pozungulira komaliza tayala lakumbuyo linaphulika. Nuvolari anadutsa napambana pamaso pa akuluakulu a boma. Tsikulo tayala linacitira Enzo cifundo. Masiku ena linadzamuliza.

Mu 1938 Alfa Romeo inabweza mipikisano m'manja mwace, ndipo Enzo anakhala wanchito wolamulidwa ndi ena. Sanapirire. Anakangana ndi akuluakulu a kampaniyo nacoka mu 1939, atabvomera kuti kwa zaka zinai sadzaika dzina lace pa galimoto ya mpikisano. Pa Nkhondo Yaciwiri anapanga makina, ndipo mu 1943 anasamutsira fakitale yace ku mudzi wa Maranello, kumwera kwa Modena. Mabomba anaigwetsa, iye n'kuimanganso. Mu 1947 galimoto yoyamba ya dzina la Ferrari, yokhala ndi injini ya masilinda 12, inatuluka pa cipata ca fakitaleyo, ndipo caka comweco inapambana ku Rome. Galimoto zina anali kugulitsa kwa anthu olemera, koma colinga cace cinali cakuti apeze ndalama zoyendetsera mipikisano.

Matayala ndi maliro

Mpikisano wa dziko lonse wochedwa Formula One unayamba mu 1950. Mu Julayi 1951, ku Silverstone m'dziko la Britain, José Froilán González anapatsa Ferrari cipambano coyamba pogonjetsa Alfa Romeo, kampani imene inalera Enzo. Pofika pa mpikisano womaliza wa cakaco, ku Barcelona, Alberto Ascari anali pafupi kutenga cikho. Gululo linasankha kuika magudumu aang'ono, a mainchi 16, kumbuyo kwa galimoto zace. Magudumu aang'ono amazungulira kambiri, motero matayala anatentha ndipo mphira wa pamwamba unayamba kusendeka. Ascari anaima kangapo kuti asinthe matayala, natsiriza wacinai, cikho n'kupita kwa Juan Manuel Fangio wa Alfa Romeo. Injini inalibe colakwa ciliconse tsiku limenelo.

Ascari anatenga cikho mu 1952 ndi 1953, ndipo Fangio anacitenga ali ku Ferrari mu 1956. Koma caka comweco, pa 30 Juni, Dino anamwalira ali ndi zaka 24 cifukwa ca matenda ofooketsa minofu. Kucokera apo Enzo sanakondenso kupita ku mabwalo a mipikisano. Anali kukhala m'ofesi ndi magalasi ace akuda, namamva zonse pa lamya, pa wailesi ya kanema ndi m'malipoti a akapitao ace. Ambiri amene anagwira naye nchito anasimba pambuyo pace kuti akapitaowo anali kuopa kumuuza kuti galimoto ndiyo inali yofooka, kotero mlandu unali kugwera woyendetsa kapena tayala.

Tsoka lalikulu linagwa pa 12 Meyi 1957 pa mpikisano wa Mille Miglia, wa makilomita pafupifupi 1,600, umene unali kucitikira m'miseu ya anthu onse kucokera ku Brescia kupita ku Rome ndi kubwerera. Pafupi ndi mudzi wa Guidizzolo, ulendo uli pafupi kutha, tayala la galimoto ya Alfonso de Portago linaphulika. Galimotoyo inalowa m'gulu la oonerera nipha anthu 9, asanu mwa iwo ana, pamodzi ndi De Portago ndi mnzace Edmund Nelson. Mpikisanowo unaletsedwa kuyambira pamenepo. Enzo ndi kampani ya matayala ya Englebert anaimbidwa mlandu wakupha anthu cifukwa ca kusasamala, ndipo mlanduwo unatenga zaka zinai. Mu 1961 bwalo linawamasula, akatswiri atapeza kuti tayalalo linang'ambidwa ndi kacitsulo kowala usiku kokhomedwa pakati pa mseu.

Mu 1958 Mike Hawthorn anatenga cikho, koma anzace awiri, Luigi Musso ndi Peter Collins, anafera pa mipikisano caka comweco. Nyuzipepala ya ku Vatican inadzudzula Enzo pomufanizira ndi mulungu wa m'nthano zakale amene anali kudya ana ace. Mu 1961 Phil Hill anatenganso cikho, pa tsiku limene mnzace Wolfgang von Trips anafa ku Monza pamodzi ndi oonerera 15.

Kusintha kwa akapitao

Kumapeto kwa 1961 gululo linali pamwamba pa onse, koma m'nyumba munalibe mtendere. Akuluakulu 8 a fakitale, kuphatikizapo mmisiri wamkulu Carlo Chiti ndi kapitao wa mipikisano Romolo Tavoni, analemba kalata yodandaula kuti mkazi wa Enzo, Laura, anali kulowerera nchito yao. Enzo anawacotsa onse. Caka cotsatira, 1962, Ferrari sinapambane mpikisano uliwonse wa cikho.

Apa mphatso yace yodziwa anthu inamupulumutsa. Anaitana Mauro Forghieri, mnyamata wa zaka 26, mwana wa mmodzi wa amisiri ace akale, namupatsa udindo wonse wa galimoto za mipikisano. Mu 1964 John Surtees anatenga cikho ndi galimoto ya Forghieri. Komatu kapitao watsopano, Eugenio Dragoni, sanamvane ndi Surtees. Mu Juni 1966, Surtees atangopambana ku Belgium, awiriwa anakangana ku Le Mans, ndipo Enzo, amene anamva nkhaniyo ali kutali, analola woyendetsayo kucoka. Surtees anatsiriza cakaco ndi galimoto ya Cooper nakhala waciwiri. Ferrari inadikira zaka 11 kucokera mu 1964 isanaonenso cikho.

Ndalama nazo zinali kubvuta. Mu 1963 kampani ya Ford ya ku America inafuna kugula Ferrari, koma Enzo anathetsa zokambirana ataona kuti adzafunikira cilolezo ca ena asanaononge ndalama pa mipikisano. Ford inabwezera pomugonjetsa ku Le Mans kuyambira 1966 mpaka 1969. Mu 1969 Enzo anagulitsa theka la kampani yace kwa Fiat ya Gianni Agnelli, Fiat yomwe ija imene inamukana nchito zaka 50 m'mbuyomo, imenenso galimoto zace zinali kulumikizidwa ku Livingstone m'zaka za m'ma 1970. Fiat inatenga za galimoto zamalonda, koma ulamuliro wa mipikisano unatsala m'manja mwa Enzo mpaka imfa yace.

Zaka za mgwirizano

Caka ca 1973 cinali ca manyazi. Forghieri anali ataikidwa pambali, galimoto inali yofooka, ndipo gululo silinapambane ngakhale kamodzi, mpaka kujomba ku mipikisano iwiri. Enzo anabweza Forghieri, natenga Luca di Montezemolo, mnyamata wa zaka 26 wophunzira zamalamulo, kuti akhale kapitao. Mu 1974 analemba Niki Lauda wa ku Austria pomvera uphungu wa woyendetsa mnzace Clay Regazzoni.

Anthu atatuwa anali osaopa kunena zoona. Lauda anauza Enzo poyera kuti galimotoyo siinali kukhota bwino, ndipo anatha masiku ambiri akuiyesa pamodzi ndi matayala a Goodyear pa bwalo la Fiorano, limene Enzo anamanga pafupi ndi fakitale mu 1972. Montezemolo anali kupereka malipoti osabisa kanthu. Mu 1975 Lauda anapambana mipikisano isanu natenga cikho, ndipo gululo linatenga cikho ca opanga galimoto zaka zitatu zotsatana, 1975, 1976 ndi 1977. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo m'zaka zimenezi Enzo anaonetsa kuti akafuna anali kudziwa kusenzetsa anzace.

Mtenderewo sunakhalitse. Montezemolo anaitanidwa ku Fiat kumapeto kwa 1975. Pa 1 Ogasiti 1976 Lauda anapsa koopsa m'ngozi ya ku Nürburgring, ndipo ali cigonere gululo linalemba Carlos Reutemann kuti alowe m'malo mwace. Lauda anabwerera patapita masabata asanu ndi limodzi okha, mabala asanapole. Pa mpikisano womaliza, ku Japan, anaimitsa galimoto cifukwa ca mvula yaikulu, cikho n'kupita kwa James Hunt ndi pointi imodzi. Lauda anaona kuti sakumukhulupiriranso. Mu 1977 anatenga cikho caciwiri, nacoka caka cisanathe.

Mu 1978 Enzo anasiya Goodyear natenga matayala a Michelin a ku France, opangidwa mwa njira ina. Nsambo zace za m'kati zimayenda mopingasa kucokera mbali ina kufika mbali inzace, ndipo pansi pa mphira pali lamba wolimba, kotero tayala limagwira mseu mokwanira ngakhale pokhota. Reutemann anapambana nao ku Brazil, ndipo gululo linapambana kasanu cakaco. Mu 1979 linalemba Jody Scheckter wa ku East London, South Africa, kuti ayendetse pamodzi ndi Gilles Villeneuve wa ku Canada. Ku Kyalami, pafupi ndi Johannesburg, mvula inaimitsa mpikisano utangoyamba. Pouyambanso Villeneuve anasankha matayala a mvula, Scheckter a mseu wouma, ndipo anasinthana kutsogolera kufikira matayala a Scheckter atatha. Villeneuve anapambana, Scheckter nakhala waciwiri. Ku Monza mu Sepitembala Villeneuve anasunga pangano la gulu, natsata mnzace pambuyo osayesa kumudutsa, ndipo Scheckter anatenga cikho. Ico cinali cikho comaliza ca woyendetsa cimene Enzo anaciona ndi maso ace.

Ukalamba

Caka cimodzi cokha pambuyo pace zonse zinagwa. Magulu a ku Britain, motsogozedwa ndi Lotus, anali atapeza njira youmba mimba ya galimoto kuti mphepo yodutsa pansi iziikokera ku mseu. Njirayo imafuna malo pansi pa galimoto, koma injini ya Ferrari inali yotambalala ndipo inatseka malowo. Galimoto yosagwira mseu imaterereka, ndipo ikaterereka imatha matayala msanga. Mu 1980 gulu lonse linapeza mapointi 8 okha nikhala lakhumi, ndipo Scheckter, mwini cikho, analephera ngakhale kulowa mpikisano wa ku Canada. Enzo, amene moyo wace wonse anakhulupirira kuti injini ndiyo galimoto, anakakamizika kulemba mmisiri wa ku Britain, Harvey Postlethwaite, mu 1981.

Mu 1982 gululo linabwerera ku Goodyear ndipo galimoto inali yabwino, koma fuwa la anthu ndilo linasendera. Ku Imola, Didier Pironi anadutsa Villeneuve pozungulira komaliza, pamene Villeneuve anali kukhulupirira kuti pali pangano longa lija la ku Monza. Villeneuve anakwiya nasiya kulankhula naye, ndipo patapita masabata awiri, pa 8 Meyi, anafa m'ngozi ku Zolder m'dziko la Belgium. Mu Ogasiti Pironi anabvulala miyendo ku Hockenheim, osadzayendetsanso pa Formula One. Gululo linatenga cikho ca opanga galimoto mu 1982 ndi 1983, koma ca woyendetsa cinapita kwina.

Enzo anapitiriza kulamulira ali nkhalamba. Pamene Papa John Paul II anacezera fakitale yace mu Juni 1988, iye anali wodwala ndipo sanathe kumulandira. Anamwalira ku Modena pa 14 Ogasiti 1988, naikidwa mwakacetecete pafupi ndi Dino. Pa 11 Sepitembala, ku Monza, Gerhard Berger ndi Michele Alboreto anatsiriza woyamba ndi waciwiri, ndipo uwo unali mpikisano umodzi wokha mwa 16 ya cakaco umene McLaren siinapambane. M'moyo wace gululo linatenga zikho 9 za oyendetsa ndi 8 za opanga galimoto. Fiat inakweza gawo lace kufika 90 pa 100 aliwonse, ndipo gawo lotsala linapita kwa Piero, mwana wa Enzo wobadwa mu 1945 kwa Lina Lardi.

Cimene anasiya

Zimene zinacitika iye atapita zitsimikiza phunziro la moyo wace. Montezemolo anabwerera mu 1991 monga mkulu wa kampani, ndipo mu 1993 anaika Jean Todt kukhala kapitao. Todt anasonkhanitsa Michael Schumacher, Ross Brawn ndi mmisiri wa ku South Africa Rory Byrne, ndipo anapatsidwa zaka zokwanira popanda kucotsedwa pamene zinthu zinali kucedwa. Pogwirizana kwambiri ndi kampani ya matayala ya Bridgestone, Schumacher anatenga zikho zisanu kuyambira 2000 mpaka 2004. Mu 2005 lamulo linaletsa kusintha matayala mkati mwa mpikisano, matayala a Bridgestone analephera kupirira monga a Michelin, ndipo anthu omwewo anapambana kamodzi kokha.

Kimi Räikkönen anatenga cikho mu 2007, ndipo ca opanga galimoto cinabwera mu 2008. Pakati pa 2008 ndi 2023 pa mpando wa kapitao panakhala anthu asanu: Stefano Domenicali, Marco Mattiacci, Maurizio Arrivabene, Mattia Binotto ndi Frédéric Vasseur. Mu 2011 magulu onse anayamba kugwiritsa nchito matayala a Pirelli, ndipo mpikisano unali wakuti ndani adziwa kusamala tayala lofanana kuposa mnzace. Mu 2024 Ferrari inatsala ndi mapointi 14 kuti ifike pa McLaren, ndipo mu 2025 inalemba Lewis Hamilton, mwini zikho 7.

Enzo Ferrari anali munthu wouma mtima, wokonda kulimbanitsa anyamata ace poganiza kuti akapikisana okhaokha adzathamanga kwambiri, ndipo ena a iwo analipira ndi moyo wao. Anali munthunso amene anakanidwa nchito ali ndi zaka 20, naona fakitale yace ikugwetsedwa ndi mabomba, naika mwana wace m'manda, naimbidwa mlandu zaka zinai, koma m'mawa uliwonse anali kupezeka pa nchito. Gulu lace ndilo lokha limene lapikisana m'zaka zonse za Formula One kuyambira 1950. Aliyense wofuna kudziwa ngati kavalo wa ku Maranello adzapambananso, ayambe wafunsa ngati kapitao akupatsidwa nthawi, ngati amisiri akunena zoona kwa akuluakulu ao, ndiponso ngati galimoto ikumvana ndi matayala ace.